Kakuda M'thumba mwa Bwana Mhango

Ana inu, tayikani kaye pansi mafoniwo, sathawa. Tamanda, sendera kuno, usaime kuseri kwa chitseko ngati wabwera kudzapempha mchere. Nawenso Tiyamike, leka kutafuna kolala ya diresi.

Pashelefu yanga paja pamakhala tigalimoto tisanu ndi tiwiri. M'mawa uno ndatipukuta tonse ndi manja angawa. Tsopano ndikuona tisanu ndi kamodzi. Kakuda palibe. Sindikufunsa munthu, ndipo sindikuyang'ana thumba la wina aliyense. Ndingokuuzani kuti aka si koyamba kuti kagalimoto kameneko kalowe m'thumba la munthu. Amene anayamba anali bambo wamkulu, watayi yake ndi mimba yake.

Ife kwathu ndi ku Dedza, paja mukudziwa. Tinabwera kuno ku Mzuzu chifukwa boma linasamutsa abambo anga, a Chimwala, omwe anali kalaliki ku ofesi yoyang'anira magalimoto a boma. Inu mukanyamuka m'mawa ku Lilongwe mumafika kuno dzuwa lisanalowe, ndiye n'kumadandaula msana. Ife tinagona panjira. Basi inatitimira m'matope ku Chikangawa, azibambo onse anatsika kukakankha, ndipo amayi anakhala ulendo wonse atafungatira mutu wa makina awo osokera ngati khanda, khanda lenilenilo ndili nalo ine.

Tinapatsidwa nyumba ku Katawa. Mzuzu wa nthawi imeneyo anali wa mitengo, chifunga ndi kamvula kosadziwa kusiya. Yunifolomu siinkauma pachingwe. Tinkaiumitsa ndi simbi ya makala, ndipo kalasi yonse inkanunkha utsi. Anthu onse ankapereka moni wa Chitumbuka, "monire, monire," ine n'kumabisala kuseri kwa chitenje cha amayi.

Musaseke, ndinali wamanyazi zedi. Agogo anu omwe lero amakalipira ogulitsa tomato ku msika awa, kusukulu aphunzitsi anatha milungu itatu akuganiza kuti ndili ndi vuto la makutu. Ankandikuwira pafupi, ine n'kumangoyang'ana zala zakumapazi. Mawu onse amene ankakanika kutuluka pakamwa ndinkawalemba m'kope ili. Onani, chiswe chinadyako ngodya, koma nkhani zinatsala.

Tsamba ili likuti: "Lero azakhali abwera. Andipatsa galimoto. Ndi yakuda. Zitseko zimatseguka. Sindinathe kunena zikomo koma ndinagwada nthawi yaitali."

Azakhali Esinati ankalera ana a azungu ku esiteti ina kunja kwa tauni. Azunguwo pobwerera kwawo anataya zinthu zambiri, ndipo azakhali anatola kagalimoto aka n'kukamanga pa mpango. Sikanali ngati zapulasitiki zanuzi, zimene mumagula Loweruka, pofika Lolemba zathyoka. Kanali kachitsulo, kotalika ngati chala changa chapakatichi, kolemera bwino m'dzanja, kozizira ukakaika patsaya. M'kati munali timipando tofiira ndi chiwongolero chochepa ngati njere ya mphodza. Ndinakayang'ana mpaka maso anachita misozi.

Tinato tinabwera kamodzikamodzi, pa zaka zitatu. Basi yofiira yosanjikiza anabwera nayo amalume pochokera ku Joni. Ambulansi ndinasinthanitsa ndi mnzanga Towera, wa ku Nkhata Bay, amene ankadana ndi singano. Ndinamusokera epuloni ya phunziro la zosoka, iye anapeza mamalikisi, ine ambulansi. Thirakitala ndi jipi yobiriwira ndinazifukula kudzala la kuseri kwa nyumba za azungu. Kachikasu, kozungulira ngati kamba, anandipatsa mayi wina wa kutchalitchi. Kalole kanabwera ndi matayala atatu, lachinayi ndinaikapo batani la malaya a abambo. Abambo anafunafuna batani limenelo mpaka anakwiyira wochapa, yemwe anali ine ndemwe.

Masiku amenewo mtsikana ankayenera kubereka chitsononkho kumbuyo ndi kuphika masanje. Magalimoto anali a anyamata, ndipo awo anali a mawaya. Choncho tanga tinkakhala m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Ndinatisokera timabulangete ta nsanza, poti Mzuzu amazizira. Loweruka lililonse ndinkatitsuka ndi kamswachi, kenaka n'kudontheza mafuta a makina a amayi m'matayala ndi nthenga ya nkhuku. Amayi ankadabwa kuti mafuta akutha bwanji chonsecho makina akulirabe. Atandigwira anangoti, "Iwe Elube, udzakwatiwa ndi makaniko." Analakwitsa. Agogo anu aamuna, Mulungu awasunge, sankatha ngakhale kumata tayala la njinga.

Tsono mvetserani, chifukwa apa ndi pamene inu simungamvetse msanga. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, wayilesi imodzi, Wamkulu mmodzi. Dzina lake silinkatchulidwa mwachisawawa. Chithunzi chake chikangopendekeka pakhoma la ofesi, munthu ankatuluka thukuta m'mwezi wa Juni. Akamabwera kuno, sukulu zinkatsekedwa, tinkandandalika m'mbali mwa msewu kuyambira ku Katoto, timbendera tapepala m'manja, ndipo galimoto iliyonse, ngakhale njinga, inkapatuka n'kuima.

Magalimoto a boma a kuno ankalowa nawo pamdipiti wake, ndipo kuwandandalika inali ntchito ya ofesi ya abambo. Ulendo wapitawo zinthu zinasokonekera. Lole yonyamula mipando inafika anthu atakhala kale pansi, ndipo lole ya amayi ovina inapezeka pamalo pomwe siinkayenera kukhala. Mkulu wa ofesiyo, Bwana Mhango, anaitanidwa kwinakwake, ndipo anabwerako ataonda. Tsono uthenga utafika woti Wamkulu akubweranso, analamula abambo kuti aphunzitse madalaivala mpaka aliyense adziwe malo ake.

Abambo anayamba ndi kujambula papepala. Madalaivala anangogwedeza mitu mwaulemu, osamva kanthu. Anayesa miyala ndi zitsekerero za mabotolo. Dalaivala wina, a Chirwa, anafunsa kuti, "Ine ndine mwala uti, a Chimwala? Onsewa akufanana ndi a Gondwe." Onse atapita kukadya, mesenjala anasesa mdipiti wonse n'kukautaya.

Lachisanu masana abambo anabwera kunyumba, n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Iwo ankanditchula kuti amayi, chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.

"Amayi," anatero, "ndamva kuti muli ndi kampani ya magalimoto pansi pa bedi."

Ndinayang'ana pansi.

"Boma likupempha kubwereka. Mawa lokha. Onse abwerera."

Ndinagwedeza mutu kuvomera, mtima ukukana. Kenaka ndinakakamira chitinicho pachifuwa osachisiya, mpaka abambo anazindikira kuti boma likabwereka magalimoto, libwereka ndi mwini wake yemwe.

Loweruka m'mawa ndinavala diresi ya kutchalitchi, yofika pansi pa mawondo monga lamulo linkanenera, ndipo tinayenda wapansi mpaka ku ofesi. Anali atakankhira matebulo kukhoma. Pasimenti abambo anajambula ndi choko msewu wonse, kuchokera ku bwalo la ndege mpaka ku bwalo la msonkhano. Madalaivala asanu ndi mmodzi anaima mozungulira, atavala makhaki owongoledwa bwino. Kutsogolo kunali Bwana Mhango, akutafuna chinangwa chootcha. Atationa anakulunga chotsalacho m'kapepala n'kuchiponya m'thumba la jekete, momwe munalira makiyi.

"Monire, mwana," anatero m'Chitumbuka. "Kasi ndiwe mwenecho wa magalimoto?"

Abambo anandiyankhira.

Nditatsegula chitini n'kuyamba kuvundukula timabulangete, onse anasuzumira m'chitinimo. Kenaka azibambo aja, ena a imvi, anaunjikana ngati nkhuku pa madeya.

"Basi iyi ndi yanga!" anatero a Gondwe.

"Yanu bwanji, inu mumayendetsa lole ya mipando?" anatero a Chirwa. "Tengani iyi ya batani. Ikufanana ndi yanu yeniyeni, nayonso imayenda mwa chisomo."

"Nanga ine thirakitala?" anadandaula a Banda, omwe ankanyamula akuluakulu a chipani. "Bwana, ine ndili ndi zaka zambiri pa ntchito."

"Ndi chitsanzo chabe, a Banda," anatero abambo.

"Chitsanzo chomwecho, anthu akamva?"

Bwana Mhango anagawa okha. Kenaka anatola kakuda, n'kukatembenuza, n'kutsegula kachitseko ndi chikhadabo. Anatsokomola.

"Iyi," anatero motsitsa mawu, "ikhala ya Wamkulu."

Anakaika pakati pa msewu wachoko. A Gondwe anavula chipewa. Enanso onse anavula.

"Chabwino. Ndani ayendetse?" anafunsa Bwana Mhango.

A Banda anayang'ana kudenga. A Chirwa anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

"A Chimwala?"

"Ine ndine wa mapepala, bwana. Ndilibe layisensi."

"Bwana, muyendetse ndinu," anatero a Chirwa. "Ikagubuduzika m'manja mwa ife anthu wamba, tikayankha chiyani? Inu mwina angakumvereni."

"Yayi, yayi," anatero Bwana Mhango, akubwerera m'mbuyo. "Ine ndine woyang'anira."

Anakambirana kwa nthawi, ndipo anagwirizana kuti munthu yekhayo amene sangatsekeredwe ndi mwana wa sitandade faifi. Ndi mmene agogo anu anakhalira dalaivala wa Wamkulu, m'mawa umodzi wathunthu.

Ana inu, ndaona zambiri pa moyo wanga, koma sindidzaonanso azibambo asanu ndi mmodzi akukwawa pasimenti, matako m'mwamba, aliyense akuliza injini ndi pakamwa. Poyamba ankachita manyazi. Pofika ulendo wachitatu, a Gondwe ankasintha magiya ndi mphuno. A Banda anaikonda thirakitala yawo mpaka ankaibweza chambuyo popanda chifukwa. A Chirwa, omwe anatenga ambulansi, ankalira "wiii, wiii" mpaka Bwana Mhango anawakumbutsa kuti palibe amene wadwala, ndipo asayerekeze kulosera zoterozo.

"A Gondwe, mwandigunda!"

"Mwaima osapereka sigino!"

"Ndipereke ndi chiyani, mwendo?"

Ine ndinkakankha kakuda pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, ndipo ndikamadutsa onse ankapatuka n'kuzimitsa injini zawo. Palibe tsiku lina limene anthu akuluakulu anandipatsapo njira chotero. Pofika ulendo wachisanu ndi chitatu aliyense ankadziwa malo ake, ndipo lole ya mipando inkanyamuka yoyamba.

Bwana Mhango anaomba m'manja n'kuthokoza. "Yewo chomene, madoda. Bwezani katundu wa mwana."

Anabweza, a Banda monyinyirika. Ndinafunditsa kalikonse n'kukagoneka m'chitini. Nditatambasula dzanja kuti nditole kakuda, dzanja lina lalikulu linafika poyamba.

"Iyi itsala," anatero Bwana Mhango. "Galimoto imene yanyamula Wamkulu singabwerere kukaseweretsedwa m'fumbi. Bwanji itagwera m'ngalande? Bwanji ataiponda galu? Nkhani yake ingatipweteke tonse. Ndiisunga ine."

Ndipo anakaponya m'thumba la jekete. Ndinamva kakugunda makiyi.

Ndinayang'ana abambo. Abambo anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwawo. Panopa ndimawamvetsa. Anali ndi ana anayi ndi nyumba ya boma, ndipo munthu sankatsutsa mawu amene muli Wamkulu m'kati. Koma tsiku limenelo ndinangoona kuti munthu amene anati "onse abwerera" wasanduka bubu ngati ine.

Kulira sindinathe. Ndinachita chinthu chimodzi chokha chimene amayi anandiphunzitsa bwino. Ndinapita pakhomo, pomwe bwana ankati atulukire, ndinagwada, n'kutambasula manja onse awiri monga mwana amachitira polandira chinthu kwa wamkulu.

Inu simugwada masiku ano, mumalandira ndi dzanja limodzi, linalo lili pa foni. Koma kale mwana akagwada chotero, wamkulu sankamulumpha. Ankayenera kumupatsa kanthu kapena kumuuza mawu omudzutsa.

"Wuka, mwana," anatero bwana.

Sindinadzuke.

Anapisa m'thumba la buluku n'kundiika switi m'manja. Ndinaiika pansi pambali panga mwaulemu, n'kutambasulanso manja. Anaikamo pensulo yofiira ya muofesi. Ndinaiika pambali pa switi.

"A Chimwala, mwana wanu wachita chiyani?"

"Ndi wamanyazi, bwana."

"Manyazi ake ndi amenewa?"

A Chirwa anatsokomola kubisa chiseko. Bwana anawerama mpaka tayi yawo inandikhudza pamphumi.

"Kasi ukukhumba vichi? Yankhula!"

Sindinkafuna kuwachititsa manyazi, ndipo zandale sindinkazidziwa. Chimene chinkandiwawa ndi penti. Zaka zitatu ndinali ndisanakalole kukhudzana ndi chitsulo chinzake. Mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mbewa.

"Bwana, mwakaika chagada."

"Wati bwanji?"

"Kagona chagada, matayala m'mwamba. Ndipo muli makiyi, kakalika. Ndi chinangwa chija."

A Gondwe, omwe anali atavala chipewa, anachivulanso.

"Bwana," anatero a Chirwa pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, "ine sindinaone kanthu. Koma ngati mwanayu akunena zoona, ndiye kuti galimoto ya Wamkulu yagubuduzika. M'thumba mwanu. Pamodzi ndi chinangwa chodya kale."

"Ife m'mawa wonse sitinaigwetse ngakhale kamodzi," anawonjezera a Banda.

"Ine ndinali nditatsogola ndi mipando," anatero a Gondwe. "Mundichotsemo."

Sindinaonepo munthu wonenepa akupisa m'thumba mwachangu chotero. Anakatulutsa ndi zala ziwiri ngati khala lamoto, kali ndi nyenyeswa za chinangwa padenga. Anauzira. Anakapukuta ndi tayi. Analoza nako kwa abambo, abambo anaika manja kumbuyo. Analoza kwa a Chirwa, a Chirwa anabwerera ku chingwe cha nsapato. M'chipinda monsemo munali manja awiri okha otambasula.

Anakaika m'manja mwanga, matayala pansi.

"Tamvera, mwana," anatero akupukuta thukuta. "Boma likukusungitsa galimoto iyi. Isagubuduzike. Isayende kumbuyo kwa lole. Ikamadutsa, zinazo zizipatuka. Wapulika?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndipo za chinangwa sizinachitike."

"Chinangwa chiti, bwana?" anafunsa a Chirwa.

Pobwerera kunyumba tinafika pa mlatho wamatabwa wolowera ku Katawa. Pamenepo abambo anaima, anagwira chitsulo cha m'mbali, n'kuseka mpaka anakhala pansi. Kenaka anandigulira zitumbuwa ziwiri, n'kunena kuti, "Amayi, mwandiposa." M'kopemu tsiku limenelo ndinalemba mizere itatu yokha: "Kakuda kakalika pang'ono pachitseko chakumanzere. Ndayankhula kwa bwana. Switi ndinaiwala pansi."

Mdipiti weniweni unayenda bwino sabata yotsatira. Ndinaima ndi kambendera kanga pa Katoto, ndipo lole ya mipando inadutsa m'mawa kwambiri, a Gondwe akundiimbira hutala.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo a Bwana Mhango ndinawasunga. Ndinapita ku sekondale, ndinaphunzira za unamwino, ndinakwatiwa, tinasamukira ku Chibanja, ndinabereka amayi anu ndi amalume anu, ndipo pashelefu iliyonse imene ndinakhala nayo, kakuda kankakhala patsogolo, tinato titapatukira m'mbali. Agogo anu aamuna ankati ndine wamisala, koma nawonso popukuta fumbi ankakanyamula ndi manja awiri. Chaka chimene tinaponya voti yosankha zipani zambiri, ndinabwera kunyumba chala chili ndi inki, ndinatseka chitseko, n'kukaika kumbuyo kwa thirakitala. Ndinadikira. Palibe chinachitika. Komabe madzulo ake ndinakabwezera patsogolo, chifukwa kankaoneka kosazolowera.

Ndiye ndi imeneyo, ana inu. Kagalimoto kameneko kanatuluka m'thumba la bwana wa boma, ndipo sindikuganiza kuti kangakanike kutuluka m'thumba la diresi ya sukulu.

Ine sindikalipa. Ndichita zomwe ndimadziwa. Tamanda, chotsa mpandowo pakhomo. Ndigwada pomwepo, manja onse awiri, ndipo palibe atuluke kukaonera katuni. Koma ndikuchenjezeni, mawondo awa si a sitandade faifi. Ndikafika pansi, kudzuka kwake mpaka amalume anu abwere ku ntchito, ndipo mukafotokoza ndinu chimene chagwetsa agogo.

Ndayamba kutsika. Bondo loyamba ilo, mwalimva kulira kwake.

Tiyamike, mwana wanga, bwanji watuluka thukuta kuzizira konseku? Bwera nako kuno. Matayala pansi.